Mkangano wa madigiri pa mitanda iwiri ya gymnastics

Pa 18 Ogasiti 2008, pa mpikisano wa Olympics ku Beijing, atsikana awiri anatsika pa mitanda iwiri yosalingana msinkhu ija, yomwe eni masewerawa amati uneven bars, ndipo bolodi inawalembera nambala imodzimodzi: 16.725. He Kexin wa ku China ndi Nastia Liukin wa ku America anafanana pa kuvuta kwa zomwe anachita, 7.7 aliyense, nafanananso pa ukhondo wa kachitidwe kake. Koma mendulo ya golide inali imodzi. Akuluakulu anatsegula lamulo lolekanitsa ofanana, nayamba kuchotsa malikisi a majaji mmodzimmodzi mpaka He anatsala patsogolo ndi kanthu kochepetsetsa. Atayang'ana mapepala, anthu anaona kuti jaji wa ku Australia anapatsa He 9.3 koma Liukin 9.0, pamene anzake ena anaona mosiyana naye. Onse anakhala m'holo imodzi, akuyang'ana mawondo ndi misana yomweyo.

Mkanganowu ndi wakale kuposa atsikana awiriwa. Mitanda imeneyi inabadwa kuchokera ku mitanda yolingana ya amuna: anangokweza umodzi, nasiya unzake pansi. Akazi anaisewera ku Berlin mu 1936, ndipo mu 1952 ku Helsinki, Margit Korondi wa ku Hungary ndiye anakhala woyamba kupata golide wa Olympics pa chipangizochi. Masiku amenewo mitanda inali yoyandikana, wosewera ankatha kuima kapena kukhala pamtanda n'kumakhazikika kaye, ndipo jaji anali ndi mpata wooneratu ngati chala chaphazi chaloza bwino. Malikisi ankalekezera pa 10, ndipo gawo lalikulu linali mmene mtima wa jaji wakhutirira.

Zinasokonekera pamene atsikana anayamba kuuluka. Ku Munich mu 1972, Olga Korbut wa ku Soviet Union anaima pamtanda wapamwamba, nadziponya chagada m'malere, n'kuugwiranso. Pa fainolo majaji anamupatsa 9.8, golide n'kupita kwa Karin Janz wa ku East Germany. Khamu la anthu linakuwiza ndi kuimba mluzu kwa mphindi zingapo, koma nambala sinasinthe. Owonerera anatengeka ndi kulimba mtima, majaji anali kuwerenga miyendo. Patapita zaka zinayi, ku Montreal, Nadia Comăneci wa ku Romania, ali ndi zaka 14, anapatsidwa 10 wathunthu pa mitanda yomweyi, bolodi n'kulemba 1.00 poti sinapangidwe kuti ionetse manambala anayi. Kuyambira pamenepo ma 10 anachuluka ngati mango a m'Disembala, mpaka anasiya kulekanitsa katswiri ndi katswiri mnzake.

Chomwe chinapha dongosolo lakalelo chinachitikira kwa amuna, ku Athens mu 2004. Majaji analakwitsa powerengera Yang Tae-young wa ku South Korea, namuyambira pa 9.9 m'malo mwa 10.0, ndipo golide anapita kwa Paul Hamm wa ku America. Majaji atatu anaimitsidwa. Masiku omwewo anthu anakuwiza kwa nthawi yaitali chifukwa cha malikisi a Alexei Nemov wa ku Russia mpaka nambala inakwezedwa iwo akuona. Bungwe la FIG, lomwe limayendetsa masewerawa padziko lonse, motsogozedwa ndi Bruno Grandi, linataya 10 uja mu 2006. Tsopano pali magulu awiri a majaji. Gulu la D limawerenga kuvuta kwa zomwe wosewera wachita. Gulu la E limayambira pa 10 n'kumadula.

Kudulako kunalembedwa ngati mitengo ya pa golosale. Cholakwa chaching'ono 0.1, chapakati 0.3, chachikulu 0.5, kugwa 1.0. Miyendo ikatalikirana pang'ono ndi 0.1, ikafika mulifupi mwa mapewa ndi 0.3. Phazi likapanda kuloza, 0.1. Wosewera akaima chadodolido pamtanda, thupi lisapendekeke kupitirira madigiri 10 kuchoka pa chilili, apo ayi chochitacho sichiwerengedwa mokwanira, ndipo akapendekeka kwambiri amadulidwanso.

Papepala zikumveka zoyera. Koma tayerekezani kuti ndinu jaji. Mwakhala patebulo chapambali, mtanda wapamwamba uli mamita awiri ndi theka kuchoka pansi, cholembera chili m'manja, ndipo mukulemba zizindikiro osayang'ana papepala chifukwa mukatsitsa maso chinthu chakudutsani. Mtsikana wazungulira, manja oyera ndi choko, wafika pamwamba, watembenuka pa dzanja limodzi, wagwiranso. Zonsezi zatha musanaphethire. Kodi dzanja lachiwiri lija lagwira thupi lili pa madigiri 9 kapena 14? Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano nkhono yake ikuthamanga ngati mpaliro, ndipo mnzanu amene wakhala mbali ina akuona ngodya yosiyana ndi yanu.

Pa kaumbidwe ka thupi ndiye pamavuta zedi. Buku la malamulo limadziwa mitundu itatu ya kutembenuzika m'malere: mawondo atakumbatiridwa pachifuwa, thupi litapindika m'chiuno miyendo ili yowongoka, ndi thupi lonse litawongoka. Wachitatuwu ndi wodula kwambiri. Vuto ndi loti palibe munthu amauluka ali wowongoka ngati ndodo. Buku lomwelo limalola chifuwa kulowa pang'ono kapena msana kupindikira kumbuyo pang'ono, ndipo mawu akuti "pang'ono" ndiwo adyetsa anthu njala. Mtsikana akapinda m'chiuno potsika, jaji wa D angathe kunena kuti uku sikuwongoka ayi, n'kutsitsa mtengo wa chochitacho, pamene wa E akudulanso zake. Wina wamiyendo yaitali, yowonda, wophunzitsidwa kuloza zala kuyambira ali wamng'ono, amaoneka waukhondo ngakhale walakwitsa. Wina wamfupi, wa minofu, bondo lake limaoneka lopindika ngakhale waliwongola mpaka pomaliza. Kwa ine apa ndi pamene pamabisala kukondera kwenikweni, kuposa kwa mbendera, chifukwa jaji mwini wake sakudziwa n'komwe kuti diso lake linazolowera thupi lamtundu umodzi.

Ku Glasgow mu 2015 zinthu zinatulukira kwina. Atsikana anayi, Fan Yilin, Viktoria Komova, Daria Spiridonova ndi Madison Kocian, onse anapeza 15.366, ndipo poti mpikisano wadziko lonse umenewo sunkalekanitsa ofanana, onse anayi anavala golide. Masewero awo sanali onse ofanana kuvuta, koma kudula kwa majaji kunawakumanitsa pa nambala imodzi.

Mphunzitsi akakwiya angathe kupereka dandaulo, atavomera kulipira ndalama, ndipo lamulo limamulola kudandaula za malikisi a D. Za E, komwe kuli mawondo, zala ndi misana, khomo ndi lotseka. FIG inagwirizana ndi kampani ya Fujitsu ya ku Japan kuti makina aziyeza ngodya za thupi; anayamba kugwira ntchito pa zipangizo zina ku Stuttgart mu 2019, ndipo pofika ku Antwerp mu 2023 anali pa zipangizo zonse khumi. Makinawo amathandiza majaji makamaka pakabuka dandaulo. Ku Paris mu 2024, Kaylia Nemour wa ku Algeria atapeza 15.700 n'kukhala woyamba kubweretsera Africa mendulo ya Olympics pa gymnastics, anapambana Qiu Qiyuan wa ku China ndi 0.2, ndipo malikisi a E a onse awiri anachokera m'maso mwa anthu okhala patebulo ndi zolembera.