Backup ikakhala chete sikuti yayenda bwino

Pali mawu amene ndatopa nawo m'maofesi a muno mu Salima, kaya ndi ku SACCO, kusitolo ya zipangizo zaulimi kapena kumalo ogona alendo ku Senga Bay: "Backup ikuyenda bwinobwino, palibe chomwe ikudandaula." Mukafunsa kuti ikadandaula imalemba pati, anthu amangoyang'anana. Mukatsegula crontab, ndandanda ya ntchito zimene seva imayendetsa yokha pa nthawi yoikika, mumapeza mzere woyendetsa backup, kutanthauza kukopera deta poisungira padera, utathera ndi > /dev/null 2>&1. Zizindikiro zimenezi zimataya mauthenga onse a pulogalamu. Amene anaziikapo anatopa ndi mauthenga ochuluka, ndiye anamanga mlonda pakamwa poti amalongolola.

Mankhwala a pulogalamu yolongolola ndi kuitsitsa mlingo wa zonena, ndipo milingoyi si yachilendo. Syslog, njira yosungira mauthenga a maseva, ili nayo 8, kuyambira 0 wa ngozi yoopsa mpaka 7 wa debug, wa tsatanetsatane wofufuzira mavuto. Seva ya MySQL ili ndi log_error_verbosity: 1 imalemba ma error okha, 2 imawonjezera machenjezo, 3 imalemba ndi tinkhani tina tonse. Pa terminal, mysql imalandira -v, -vv ndi -vvv, pg_dump yotulutsira deta ya database ya PostgreSQL ili ndi -v, ndipo psql yolankhulira ndi database yomweyo ili ndi -q yoichepetsa pakamwa. Zonsezi zimasintha kuchuluka kwa zimene pulogalamu ikukuuzani. Palibe mlingo umene unapangidwira kubisa kulephera.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri imayenda chonchi, ndipo imachitika mobwerezabwereza. Wina analemba script yoti usiku uliwonse pg_dump itulutse deta, gzip iipanikize, kenako find ifufute mafayilo opitirira sabata. Tsiku lina pasiwedi ya database yasinthidwa chifukwa wogwira ntchito wachoka. Usiku umenewo pg_dump yakanizidwa kulowa, yalemba "password authentication failed" ku stderr, njira imene pulogalamu imatulutsira zonena zake, uthengawo wagwera ku /dev/null. Koma gzip ilibe nazo kanthu, yalandira zopanda kanthu n'kupanga fayilo ya mabayiti 20 yokhala ndi dzina labwino ndi deti lolondola. Poti mu pipe, pamene mapulogalamu amapatsirana deta, bash imatenga exit code (nambala yonena ngati ntchito yatheka) ya pulogalamu yomaliza, script ikuona 0, ndiye kuti zonse zili bwino. Find ikupitiriza kufufuta zakale. Pakatha sabata ndi masiku pang'ono, backup yeniyeni yomaliza yapita. Mu foda muli mafayilo ondondozana bwino, amene wowerengera ndalama akawaona mtima umakhala m'malo. Magetsi akazimazima mpaka disiki kufa ndi pamene anthu amadziwa kuti ngongole za mamembala, masheya awo ndi zobweza zawo zatsala m'makope a pamanja okha, ngati makopewo ankalembedwabe. Chondipweteka n'chakuti pulogalamuyo inkanena vuto lake usiku uliwonse m'mawu omveka. Zofunika zinali ziwiri basi: set -eo pipefail pamwamba pa script kuti iime pulogalamu ina mu pipe ikalephera, ndi 2>> backup.log m'malo mwa /dev/null.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Amafuna kuona zonse, ndiye amalemba pg_dump -v kenako > deta.sql 2>&1. Pamenepo mwathira mauthenga m'kati mwa deta. Stdout ndi njira ya deta, stderr ndi njira ya zonena, n'chifukwa chake zili ziwiri. Mizere yoyamba ndi "pg_dump:" si SQL, ndipo ikagwera pakati pa COPY, gawo la fayilo lokhala ndi deta yeniyeni, imaononga mizere ya tebulo. Ngati munagwiritsa ntchito -Fc, imene imatulutsa fayilo yopanikizidwa m'malo mwa SQL wamba, fayilo yonse ikhoza kukana kutseguka. A mysqldump, chida chotulutsira deta ya MySQL, nanunso musaseke: chenjezo lija loti kulemba pasiwedi pa command line n'koopsa limakakhala pamwamba penipeni pa fayilo, ndipo pobwezeretsa deta mumalandiridwa ndi syntax error.

Apa ndi pamene amalowera akatswiri a m'thumba aja, oyenda ndi flash yodzaza ma script okopera pa intaneti. Akaona error, mankhwala awo ndi --force. Mysql ikapatsidwa --force imadumpha chilichonse cholephera n'kupitirira, ndipo matebulo amabwerera ena odzaza ena opereŵera. Iwo alandira ndalama zawo, akwera minibasi ya ku Lilongwe, inu mudzazindikira pa kutha kwa mwezi malipoti akakana kugwirizana. Psql ndiye siifunanso kuuzidwa, mwachibadwa imapitirira ikakumana ndi error m'fayilo ndipo imatha ndi 0. Muziipatsa -v ON_ERROR_STOP=1 kuti iime pa vuto loyamba n'kubweza exit code 3. Ku pg_restore, chida chobwezeretsera deta ya PostgreSQL, mawu ake ndi --exit-on-error. Munthu akakubwezeretserani deta, muuzeni akusonyezeni log yake asanachoke. Akati palibe, musalipire kaye.

Tsopano kwa inu amene mukulemba zida zanuzanu, zokoka deta ya malonda kapena zosamutsa ma record kuchoka ku Excel. Milingo inayi ndi yokwana. Ndi -q, ma error okha. Popanda chilichonse, ma error ndi machenjezo. Ndi -v, nenani gawo lililonse: ndalumikiza ku seva yakuti, ndayamba tebulo lakuti, mizere yalowa yochuluka chonchi, zatenga masekondi akuti. Ndi -vv, SQL yeniyeni imene ikutumizidwa. Mu Python ntchitoyi ndi yochepa: argparse ili ndi action="count" yowerenga ma v, ndipo logging ili kale ndi DEBUG 10, INFO 20, WARNING 30, ERROR 40 ndi CRITICAL 50. Yambirani pa 30, chotsani 10 pa v aliyense osatsika pansi pa 10, ndipo -q ikhale 40, isapitirire. Logging imalemba ku stderr yokha, pamene print imapita ku stdout, choncho print isiyireni deta. Exit code isadalire mlingo ngakhale pang'ono: cholephera pa -vv chilepherenso pa -q ndi nambala yomweyo. Uthenga wa mzere uliwonse wa tebulo usaikidwe pa INFO, chifukwa tebulo lalikulu lidzakwirira error imodzi imene mumaifuna. Mzere uliwonse wa log ukhale ndi nthawi ndi chigawo chake cha nthawi. Maseva ambiri amayendera UTC pamene ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye munthu amasakasaka vuto la 8 koloko m'mizere ya 8 koloko pamene lili pa 6.

Pasiwedi isalembedwe pa mlingo uliwonse, ngakhale debug. Ambiri amasindikiza connection string, mzere wokhala ndi adiresi ya seva, dzina ndi pasiwedi, yonse "kuti tione ngati yalumikiza", kenako amajambula sikirini n'kutumiza pagulu la WhatsApp kupempha thandizo. Ku PostgreSQL, log_statement = all imalemba ALTER ROLE ndi pasiwedi yake poyera, pamene \password ya psql imaibisa isanatumize. M'ma log a debug mumapezekanso mayina a anthu, manambala a foni ndi a ziphaso, ndipo dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024. Log yotere isungidwe ngati database yeniyeniyo.

Msampha wina wa PostgreSQL umagwira ngakhale odziwa. Pa log_min_messages, pamene mumasankha mlingo wa zolembedwa mu log ya seva, mlingo wa LOG uli pamwamba pa ERROR, pansi pa FATAL ndi PANIC. Munthu amaika log poganiza kuti akuwonjezera zolembedwa, osadziwa kuti wangochotsa ma ERROR ndi ma WARNING onse mu log ya seva. Isiyeni pa warning pamene imakhala mwachibadwa. Mukafuna tsatanetsatane wa vuto limodzi, musasokoneze seva yonse: mu psql lembani \errverbose ndipo error yomaliza ibwera ndi nambala yake ya SQLSTATE, monga 23505 ya deta yobwerezedwa pamene siyenera kubwerezedwa. Mukakweza mlingo wa seva pofufuza, ALTER SYSTEM ndi pg_reload_conf() zimatheka osazimitsa kanthu, koma mutsitse tsiku lomwelo. Debug yoiwalika imadzaza disiki, ndipo WAL, mafayilo amene database imalembamo kusintha kulikonse, ikasowa malo PostgreSQL imagwa ndi PANIC.

Musadikire kutha kwa mwezi kapena kubwera kwa ma auditor. Lero lomwe lembani ls -l mu foda ya backup muone kukula kwa mafayilo. Tsegulani yatsopano muone kumapeto: ya mysqldump imatha ndi "Dump completed on", ya pg_dump ya SQL wamba imakhala ndi "PostgreSQL database dump complete". Mukapeza timafayilo ta mabayiti 20, choyamba imitsani mzere wa find uja usanafufute yabwino yotsala, ikopereni pa disiki ina, kenako muyendetse script pamanja popanda /dev/null muwerenge chimene ikunena.