Utrecht inafafaniza msewu waukulu n'kubwezeretsa madzi: mafunso ndi mayankho

Pa 12 Seputembala 2020, mabwato anazungulira chigawo chakale cha mzinda wa Utrecht, ku Netherlands, osapeza chotchinga, chinthu chimene chinali chosatheka kwa zaka pafupifupi 50. Ntchito yotsegulanso ngalande ya Catharijnesingel inali itatha.

Kodi ngalande imeneyi ndi yotani, ndipo inachokera kuti?

Tikamati ngalande, musaganize za kamfuleni ka m'mbali mwa msewu. Iyi ndi njira yamadzi yokumbidwa ndi anthu, yotakata moti mabwato awiri amapambana bwinobwino. Mu 1122 Utrecht inapatsidwa ufulu wokhala mzinda wodziyendetsa, ndipo anthu ake anayamba kumanga linga ndi kukumba ngalande kunja kwake kuti adani asalowe mosavuta. Ngalande yonse ndi yotalika pafupifupi makilomita 6, ndipo Catharijnesingel ndi mbali yake ya kumadzulo, moyandikana ndi siteshoni ya sitima. Linga litatha ntchito, linagwetsedwa cha m'ma 1830, ndipo katswiri wokonza minda, Jan David Zocher, anadzala mitengo pamene panali zipupa. Mitengo ina ya m'paki imeneyo ndi mikulumikulu lero.

Nanga anaikwiriranji?

Chifukwa cha galimoto. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, magalimoto anachuluka, ndipo akuluakulu a mzinda ankaopa kuti malonda a pakati pa tawuni afa ngati ogula sangafike pakhomo la sitolo ali pachiwongolero. Mu 1958 katswiri wa misewu wa ku Germany, Max Feuchtinger, anapereka pulani yoti ngalande yonse ikwiriridwe, pamwamba pake padutse msewu wozungulira mzinda. Anthu anakana kwamtuwagalu. Nduna yoona za chikhalidwe, Marga Klompé, inalowererapo m'zaka za m'ma 1960, ndipo mbali yaikulu ya ngalande inapulumuka.

Koma mbali ya kumpoto chakumadzulo sinapulumuke. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene panali madzi panabwera Catharijnebaan, msewu wa mizere yofika 12 pamalo potakasuka kwambiri, koma wotalika kungopitirira kilomita imodzi. Anthu ankaunena kuti ndiwo msewu waukulu waufupi koposa m'dziko lonse. Dalaivala ankati akangoponda moto, msewu watha, wabwerera m'tinjira takale tothinana. Pamwamba pake anamangapo Hoog Catharijne, chinyumba cha masitolo chimene chinatsegulidwa mu 1973. Ine chimene chimandipweteka n'chakuti zimene makolo anasamala kwa zaka 800 zinathiridwa mchenga m'zaka zochepa chabe, chifukwa cha msewu umene sunafike n'komwe kumene unkalinga.

Ndani analamula kuti madzi abwerere?

Eni mzinda. Mu 2002 khonsolo inachititsa riferendamu yokhudza tsogolo la dera lonse la siteshoni. Anthu anasankha pakati pa mapulani awiri, ndipo inapambana ndi pulani yopereka malo ambiri opumira ndi obiriwira, momwe munali kutsegulanso ngalande. Mu 2003 khonsolo inavomereza pulani yaikulu, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti CU2030.

N'chifukwa chiyani zinatenga zaka 18?

Kukwirira n'kosavuta, kufukula ndiye ntchito. Pansi pa phula panali mapaipi a madzi, a zonyansa, a gasi ndiponso zingwe za magetsi ndi za mafoni, ndipo zonsezi zinafunika kusunthidwa anthu akugwiritsabe ntchito. Pafupi pomwepo pali Utrecht Centraal, siteshoni imene imalandira anthu ochuluka kuposa ina iliyonse m'dzikomo, ndiye simungangoitseka. Komanso ku Netherlands malamulo amafuna kuti akatswiri a zinthu zakale ayambe afufuza nthaka ya malo ngati amenewa makina asanaiwononge. M'derali muli zotsalira za linga la Vredenburg, limene mfumu Charles V inamangitsa cha mu 1529 ndipo anthu a mumzindamo analigwetsa mu 1577.

Msewu unatsekedwa mu 2010. Madzi analowa m'chigawo choyamba mu Disembala 2015, chomaliza mu 2020. Anthu okhala pafupi anapirira fumbi, phokoso ndi njira zolambalala kwa zaka zoposa 10, ndipo amene ankadandaula sankanama.

Magalimoto anapita kuti?

Msewu wocheperapo unatsala m'mbali mwa madzi. Ongodutsa anawalozera ku misewu ya kunja kwa mzinda. Koma chinathandiza kwambiri n'chakuti khonsolo inakonzeratu njira zina zofikira pakati pa tawuni. Pansi pa bwalo la siteshoni pali malo oimika njinga 12,500, amene anamalizidwa mu 2019. Munthu amalowa ali pachishalo, n'kutsetsereka mpaka pamzere wake, kukhoma njinga, kukwera masitepe, wafika pa sitima. Mzinda wongofafaniza msewu popanda kukonza zoterezi ungangosamutsira mdipiti wa magalimoto kwa anansi.

Kodi si kukongoletsa chabe kuti alendo ajambule zithunzi?

Ayi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Phula ndi konkire zimamwa dzuwa usana n'kumatulutsa kutentha usiku, pamene madzi ndi mitengo zimaziziritsa mpweya wozungulira. Mvula yamphamvu ikagwa pa msewu wa mizere 12, madzi onse amathamangira m'mapaipi nthawi imodzi mpaka kusefukira. Ikagwa pa ngalande ndi pa udzu wa m'mphepete mwake, madziwo amapeza poima. Kulumikizanso mbali ziwiri zimene zinadukana kunachititsa kuti madzi aziyenda mozungulira, osangoti chete pamathero pomwe zinyalala zimaunjikana.

Chigawo chomaliza anachikonza ndi a kampani ya OKRA. Iwo sanamange zipupa zoongoka mbali zonse. Mbali ya paki anasiya gombe lotsetsereka, n'kudzalamo zomera za m'madzi, kotero kuti bakha amatuluka ndi ana ake osavutika, ndipo tinsomba timabisala m'mizu. Ntchitoyi inapata mphoto ya European Prize for Urban Public Space mu 2022.

Madzi amanyamulanso katundu. Kuyambira mu 2010, bwato loyendera magetsi limagawa zakumwa m'malesitilanti a m'mphepete mwa Oudegracht, ngalande ina yakale ya pakati pa mzinda, kuti malole olemera asaswe misewu ndi zipinda zakale za pansi pake.

Kodi zonse zinabwerera mmene zinalili?

Sizinabwerere. Hoog Catharijne ilipobe, anangoikonzanso, ndipo ngalande imadutsa pansi pake. Wopalasa bwato amachoka padzuwa n'kulowa mumthunzi wa konkire, ogula ali pamwamba pa mutu wake, kenako n'kutulukira mbali ina. Sindingakunamizeni kuti pamenepo m'pokongola ngati kumene kuli mitengo ya Zocher.

Nanga belu la nsomba limene anthu amalikamba pa intaneti n'chiyani?

Kumpoto kwa ngalandeyi kuli geti lamadzi lotchedwa Weerdsluis, polowera ku mtsinje wa Vecht. M'miyezi ya Malichi mpaka Meyi nsomba zimakwera kukaikira mazira, koma nthawi imeneyo mabwato amakhala ochepa, choncho geti silitsegulidwa kawirikawiri. Nsomba zinkaunjikana pakhomopo, mbalame zodya nsomba n'kumazitola. Mu 2021 anaika kamera pansi pa madzi. Aliyense, kulikonse ali, angathe kuonera pa foni yake. Nthawi zambiri pamaoneka madzi obiriwira okhaokha ndi tinthu toyandama, kenako mwadzidzidzi diso la nsomba lija tong'o pagalasi. Mukatero mumadina belu, chithunzi chimapita kwa woyang'anira geti, ndipo akaona kuti zadikira zambiri, amapita kukapukusa chitsulo chotsegulira ndi manja.