Ana amene anabadwa ndi mayina a akufa

Pakati pa Ayuda a ku Ulaya otchedwa Ashkenazi, khanda silipatsidwa dzina la wachibale amene akadali moyo. Gogo akatsikira kulichete, mwana wobadwa pambuyo pake ndiye amatenga dzinalo. M'nthawi ya mtendere mwambowu unalibe vuto: mwana mmodzi, dzina la nkhalamba imene inadya zaka zake n'kuikidwa m'manda mwaulemu.

Pofika 1945 boma la Nazi la ku Germany ndi anzake anali atapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Opulumuka ambiri anali achinyamata, poti ana ndi okalamba ndiwo ankayamba kuphedwa. Analibe kwawo kobwerera, choncho anawasunga m'misasa ya anthu osowa kwawo ku Germany, Austria ndi Italy. Kumeneko anakwatirana mwamsangamsanga, ena atadziwana masabata ochepa chabe. Ku msasa wa Bergen-Belsen kokha kunabadwa ana pafupifupi 2,000 usanatsekedwe mu 1950.

Tsono mayina anachuluka kuposa ana. Khanda limodzi linkasenza mayina awiri kapena atatu: a agogo, a azakhali, nthawi zina la m'bale wake weniweni, mwana wa banja loyamba la bambo amene anaphedwa ali wamng'ono. Eni mayinawo analibe manda. Ngakhale tsiku limene anafa silinkadziwika, mpaka akuluakulu a chipembedzo ku Israel anachita kupatula tsiku la 10 m'mwezi wa Tevet pa kalendala ya Chiyuda kuti anthu azinenera akufa oterewa pemphero la olira lotchedwa Kaddish.

M'nyumba zambiri nkhaniyi sinkakambidwa. Mwana ankangoona zizindikiro: mayi kubisa buledi, bambo kukuwa kutulo, nambala yolembedwa pamkono, mantha osaneneka iye akachedwa pang'ono kuchokera kusukulu. Ukadandaula bwanji za mnzako amene wakuputa, pamaso pa munthu amene anatuluka ku Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako anthu? Ambiri anaphunzira kumeza zawo n'kumalera makolo awo. M'makomo ena zinali zosiyana, makolo ankafotokoza zonse usiku ndi usana, ndipo nako kunali kulemera kwake.

Mlandu wa Adolf Eichmann, mmodzi wa akuluakulu a Nazi amene anayendetsa za kuphedwa kwa Ayuda, ku Jerusalem mu 1961 unachititsa kuti opulumuka ayambe kulankhula pagulu. Za ana awo zinachedwerapo. Mu 1966 dokotala wa matenda a maganizo ku Montreal m'dziko la Canada, Vivian Rakoff, analemba kuti ena mwa anawo ankaoneka ovutika kuposa makolo awo. Patapita zaka, Dina Wardi wa ku Jerusalem, amene ankathandiza anthu otere, anawatcha "makandulo achikumbutso", potengera kandulo imene Ayuda amayatsira womwalira chaka ndi chaka. Iye anaona kuti pabanja pamakhala mwana mmodzi amene amasenzetsedwa udindowu, abale ake n'kupepukidwako.

Komabe si bwino kuwatenga onse ngati odwala. Mu 2003 akatswiri a ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti ana a opulumuka, kupatula amene anali kale pa chithandizo, sankasiyana kwenikweni ndi anzawo pa thanzi la maganizo. Katunduyo alipo, koma ambiri anayenda naye n'kumanga mabanja awo.

Lero amene anabadwira m'misasa ija akuyandikira zaka 80. Ena mwa iwo ndi amene amalemba mafomu a umboni ku Yad Vashem, malo achikumbutso amene Israel inakhazikitsa mu 1953, ndipo pamzere wa dzina la wophedwa amalembapo dzina limene iwo eni akhala akuitanidwa nalo chibadwire.