Mowa, Chuku ndi Khansa ya Kummero ndi ya Chiwindi

Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri, ndipo odwala ambiri amafika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe nsima itayamba kale kukana kutsika. Zoyambitsa matendawa n'zingapo, koma zina mwa izo zili m'zimene timamwa ndi kudya.

Mu 1988, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, linaika mowa m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mowa ukalowa m'thupi umasanduka poizoni wotchedwa acetaldehyde amene amaononga maselo, ndipo umachulukitsa chiopsezo cha khansa ya m'kamwa, yapakhosi, ya kholingo, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo aakulu komanso ya m'mawere. Ena amati kachasu yekha ndiye woopsa, kuti masese ndi chakudya ndipo wa m'botolo ndi waukhondo, koma thupi silisiyanitsa, chifukwa choledzeretsa chake n'chimodzi. Chiopsezocho chimakula malinga ndi kuchuluka kwa mowa ndi zaka zimene munthu wakhala akumwa, ndipo chimakula koposa ngati womwayo amasutanso fodya. Tiyi kapena phala la moto kwambiri nalo limawaula kummero, choncho ndi bwino kudikira kuti lizizireko.

Chuku cha pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda otupa chiwindi. Poizoniyu satha ndi kuphika kapena kukazinga. Chodandaulitsa n'chakuti m'makomo ambiri mtedza wabwino umapita ku msika, wofwifwa ndi wobooka n'kusinjidwa kukhala nsinjiro, pamene chimanga chovunda chimafululidwa mowa. Mbewu ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba, matumbawo asagone pa dothi kapena kutsamira khoma lachinyezi, ndipo zachuku zitayidwe ndithu.

Amene akulandira chithandizo cha khansa, kapena anamaliza, asiyiretu mowa, popeza umalemetsa chiwindi, umakulitsa zilonda za m'kamwa, ndipo ungathe kuyambitsa khansa ina. Vuto lawo lalikulu limakhala kuonda, kotero adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino, dzira, mkaka kapena usipa wosinja limamezeka mosavuta, chimodzimodzi nyemba zofutula, nkhwani wofewa, papaya ndi mapeyala. Palibe chakudya kapena zitsamba zimene zimachiza khansa, ndipo wodwala asasiye mankhwala akuchipatala chifukwa cha malonjezo a ogulitsa.

Aliyense amene akuvutika kumeza, akutsamwa kawirikawiri kapena akuonda popanda chifukwa chodziwika apite kuchipatala mwamsanga, asadikire kuti phala nalo liyambe kukana.