Kujambula nkhope ya munthu mu kombi si kugwira mbava ayi

Abale anga aku Mbare ndi ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, pali ganizo lomwe lakhazikika pakati pathu loti ukakayikira munthu mu kombi (minibasi) ungomujambula n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp kuti "samalani ndi uyu", basi wateteza anthu. Zimenezi sizoona.

Akuba a pa renki (pokwerera makombi) ya Copacabana kapena ya Market Square sagwira ntchito okha. Wina amakukankha pakhomo nthawi yolimbirana kukwera, wina akupisa m'thumba, foni ija n'kupatsira wachitatu yemwe sakwera n'komwe, ndiye pomwe ukuzindikira kuti yapita amene uli naye pafupi ndi bambo wongochokera kuntchito atanyamula kajumbo ka tomato, ndipo nkhope yomwe wajambulayo ndi yake. Mawa ana ake akuiona pa Facebook. Tikudziwa tonse kuti pa renki anthu akangomva kuti "mbavha" safunsa, amangoyamba kumenya. Zimandipweteka chifukwa munthuyo sangadziyeretse m'magulu onse omwe chithunzicho chafika. Komanso lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limaletsa kufalitsa dala uthenga wabodza wonena za munthu pofuna kumupweteka.

Ngati mukufuna kujambula, jambulani nambala ya galimoto musanakwere, makamaka ma mushikashika (matakisi opanda chilolezo) aja a Honda Fit usiku, chifukwa nthawi zina omwe mwawapeza atakhala kale m'katimo ndi a gulu limodzi ndi dalaivala. Tumizani nambalayo kwa m'bale wanu. Mukaberedwa, chithunzi chilichonse chomwe muli nacho kachiperekeni kupolisi.