Chinsinsi cha Rocket chinali m'mapaipi

Mu Okutobala 1829, eni njanji yatsopano ya pakati pa mizinda ya Liverpool ndi Manchester ku England anali asanagwirizane chimene chidzakoke mabogi awo. Ena ankafuna injini zokhazikika m'mbali mwa njanji, zokoka ndi zingwe zazitali, pomwe ena ankafuna injini zanthunzi zoyenda pa njanjipo. Kuti nkhani ithe, anakonza mpikisano wa injini zoyenda pa njanji ku Rainhill, mphoto yake mapaundi 500.

Anthu oonerera anakopeka ndi Novelty, injini yopepuka ndi yaliwiro, koma inkangowonongeka. Sans Pareil nayo inalephera kumaliza. Rocket, yomwe Robert Stephenson anapangira ku Newcastle, inamaliza maulendo onse, ndipo pena inkathamanga pafupifupi makilomita 48 pa ola.

Kwa ife amakaniko, chokoma chili m'kati mwa boyila, thanki yowiritsira madzi kuti apange nthunzi yoyendetsa injini. Injini zakale zinkadutsitsa moto m'paipi imodzi yaikulu yomizidwa m'madzi, choncho madzi ankachedwa kuwira ndipo nthunzi inkaperewera pa chitunda. Mu Rocket anaikamo timapaipi 25 tamkuwa. Moto ndi womwewo, malasha ndi omwewo, koma malo amene kutentha kukukhudzana ndi madzi achuluka kwambiri. Nzeru imeneyi anabwera nayo Henry Booth, msungichuma wa kampani ya njanjiyo, ndipo ndimaona kuti dzina lake silitchulidwa mokwanira.

M'timapaipi tating'ono utsi umavutika kudutsa, ndiye pankafunika chokoka mphepo. Nthunzi ikamaliza kukankha pisitoni, ankaitulutsira m'chumuni mwamphamvu. Potuluka inkakoka utsi m'timapaipi tija, mpweya watsopano n'kulowa pansi pa moto, ngati mmene mvukuto umakolezera makala a wosula makasu. Injini ikamakoka katundu wolemera imatulutsa nthunzi yambiri, moto umayaka kwambiri, madzi amawira msanga. Phokoso lija loti "chu-chu-chu" ndi nthunzi imeneyi ikutuluka.

Njanjiyo inatsegulidwa pa 15 Seputembala 1830, tsiku lomwe Rocket inagunda phungu wa nyumba ya malamulo William Huskisson, yemwe anamwalira usiku womwewo.

Injini zinakula, koma kapangidwe ka boyila sikanasinthe kwenikweni. Injini ya Mallard, yokonzedwa ndi Nigel Gresley, yomwe inafika makilomita 203 pa ola mu 1938, inali ndi timapaipi ndi chumuni chokoka moto mofananamo. Chimodzimodzinso Evening Star, injini yanthunzi yomaliza imene kampani ya boma ya sitima ya British Railways inapanga, ku Swindon mu 1960. Patangotha zaka 8, mu Ogasiti 1968, kampaniyo inasiya kuyendetsa sitima zanthunzi pa njanji zake zikuluzikulu.