Mbiri ya ngodya zitatu zopezera pamene pali setilaiti

Mmisiri akakwera padenga ku Ndirande kapena ku Chilomoni kukachuna dishi ya wailesi yakanema, amaisuntha pang'onopang'ono mpaka amene ali m'nyumba atafuula kuti zithunzi zabwera, ndipo dishiyo imathera kuyang'ana mbali ya kumpoto, chifukwa mzinda wa Blantyre uli madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa equator pamene setilaiti imene akuifunayo ili pamwamba pa equator, pa mtunda wa makilomita 35,786. Ntchito yake imapepuka chifukwa setilaiti yotere imayenda pa njira yozungulira bwino, mogwirizana ndi kutembenuka kwa dziko, motero imaoneka ngati yaima. Zinthu zambiri zamumlengalenga sizimvera choncho, ndipo kusamvera kumeneko ndi kumene kunabala ngodya zitatu zimene akatswiri amapimira malo a setilaiti.

Zonse zitatu zimatchedwa anomaly, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kusalongosoka. Akale ankakhulupirira kuti pulaneti iyenera kuyenda pa bwalo langwiro ndi liwiro losasintha, koma maso awo ankaona kuti nthawi zina imathamanga, nthawi zina imachedwa. Ptolemy, katswiri wa zakuthambo wa ku Alexandria, cha m'ma 150, anateteza chikhulupirirocho poika timabwalo pamwamba pa mabwalo, ndipo chiphunzitso chake chinakhala zaka zoposa 1,400.

Amene anachigwetsa ndi Johannes Kepler. Tycho Brahe, katswiri wa zakuthambo amene Kepler ankagwira naye ntchito, atamwalira ku Prague mu 1601, Kepler anatsala ndi miyezo ya pulaneti ya Mars imene Brahe anasonkhanitsa kwa zaka zambiri popanda telesikopu. Atayesa kuikwaniritsa pa bwalo langwiro, panatsala kusiyana kwa mphindi 8 za ngodya, ndipo popeza digiri imodzi ili ndi mphindi 60, kawerengedwe kamene tinatengera kwa Ababulo, kusiyanako kunali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa mwezi wathunthu. Wina akanangoti Brahe anaphonya, koma Kepler anakhulupirira miyezo ya malemuyo kuposa maganizo ake, ndipo pamenepa mpamene ine ndimamulemekezera koposa. Anayamba wayesa njira yooneka ngati dzira, inakana, kenako anapeza kuti ndi bwalo lophwatalala lotchedwa ellipse, ndipo anafalitsa zimenezi mu 1609 m'buku la Astronomia Nova.

Masamu omwewo, ofotokoza momwe pulaneti imazungulira dzuwa, ndi amene amagwira ntchito pa setilaiti, dziko likatenga malo a dzuwa. Ngodya yotchedwa true anomaly imapimidwa kuchokera pakati pa dziko, kuyambira pamene setilaiti imayandikira kwambiri kufikira pamene ili tsopano. Vuto lake ndi lakuti simakula mofanana, pakuti setilaiti imathamanga ikayandikira ndipo imachedwa ikatalikira. N'chifukwa chake pali mean anomaly, ngodya ya setilaiti yongoganiziridwa imene imamaliza ulendo pa nthawi yomweyo koma mosasintha liwiro, ngati dzanja la wotchi. Pakati pa ziwirizi pali eccentric anomaly, imene imapimidwa kuchokera pakati pa ellipse pa bwalo lojambulidwa mozinga njirayo, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza wotchi ndi malo enieni.

Kulumikizako kunamukanika mwini wake. Kepler analemba samu yogwirizanitsa ngodya ziwiri zomalizazo, koma sanapeze njira yachindunji yoithetsera, ndipo ananena kuti amene adzamuonetse njirayo adzamuyesa Apollonius wamkulu, katswiri wa masamu wachigiriki. Isaac Newton mu 1687 anapereka njira yoyandikira yankho mobwerezabwereza, ndipo kubwereza kotereku ndi kumene makina amachita mpaka lero.

Masetilaiti a GPS, amene amayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 n'kumazungulira dziko kawiri pa tsiku, satumiza malo awo enieni. Pakati pa manambala amene amaulutsa pali mean anomaly, ngodya yongoganiziridwa ija. Wakabaza wa ku Limbe akatsegula mapu pa foni pofuna nyumba ya kasitomala ku Namiwawa, kachipangizo kam'kati kamathetsa samu ya Kepler pa setilaiti iliyonse, zosachepera zinayi, kadontho kosonyeza pamene waima kasanaoneke.